Ndingaizindikire bwanji sari yeniyeni ya Kanchipuram?

Abale ndi alongo odziwa za nsalu za ku India, ndikupempha nzeru zanu. Ndikufuna kugulira apongozi anga sari ya silika ya ku Kanchipuram, m'chigawo cha Tamil Nadu, yomwe amisiri amawomba thunthu lake padera ndi mphepete mwake padera, kenako n'kuzilumikiza mwaluso moti mfundo zake zimaoneka kuseri kwa nsaluyo. Kodi chizindikiro chimenechi n'chokwanira kusiyanitsa yowombedwa pamanja ndi ya pamakina, kapena ndiyang'anenso chiphaso cha Silk Mark, chomwe chimatsimikizira kuti silikayo ndi weniweni? Komanso, popeza silika wake ndi wolemera ndipo apongoziwo amakhala kotentha, kodi sikungakhale bwino kuwagulira sari ya Chanderi ya m'chigawo cha Madhya Pradesh, yopepuka, yosakaniza silika ndi thonje? Ineyo mtima uli pa Chanderi, koma ndikuopa kuti pa ukwati ingaoneke yosalemekezeka.