Ana akupeza mean bwinobwino, koma kufananitsa magulu awiri kukuwavuta

Mphunzitsi wa Fomu 3:
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ana anga mean, median ndi range amapeza popanda vuto. Koma ndikawapatsa magulu awiri a manambala kuti afananitse, amangolemba kuti "gulu A lili ndi mean yaikulu", basi. Pa galafu ndiye zimasokonekeratu. Kalasi ndi ya ana 80, mapepala a galafu ndi ochepa. Ndiyambire pati?

Mayi wa Masamu:
Aphunzitsi, alandeni yankho limenelo. Apatseni magulu awiri amene mean yake ndi yofanana. Lembani pabolodi matumba a chimanga amene alimi 6 akolola m'midzi iwiri yongopeka.

Mudzi A: 8, 9, 10, 10, 11, 12
Mudzi B: 2, 3, 4, 5, 6, 40

Konseku matumba ndi 60, mean ndi 10. Kenaka funsani kuti, "Njala ivuta mudzi uti?" Asanawerengere china chilichonse, ajambule mzere umodzi wa manambala kuchokera pa 0 mpaka 40, timadontho ta mudzi A pamwamba pake, ta mudzi B pansi. Izi sizifuna pepala la galafu, rula ndi kope zikwana. Aona okha kuti alimi asanu a mudzi B aunjikana kumanzere, mmodzi yekha ali kutali pa 40, ndipo ndi iyeyo amene wakoka mean. Median ya A ndi 10, ya B ndi 4.5. Range ya A ndi 4, ya B ndi 38.

Yankho lathunthu likhale ndi ziganizo ziwiri: china chonena za pakati, china chonena za kumwazikana, zonse zitchule chimanga osati manambala okha. Mwachitsanzo: "Mlimi wapakati wa mudzi A wakolola matumba ambiri kuposa wa mudzi B, ndipo zokolola za mudzi A sizikusiyana kwambiri." Wolemba chiganizo chimodzi alandire theka la malikisi, azolowera msanga.

Bambo wa ku CDSS:
Mayi anena zoona. Ine ndiwonjezere za magalafu, chifukwa zolakwika zake ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka.

Choyamba ndi sikelo. Mwana amajambula gulu A masentimita awiri kuimira 5, gulu B masentimita awiri kuimira 10, kenaka n'kufananitsa kutalika kwa mizati. Magulu onse awiri akhale pa sikelo imodzi, ndipo mzere woimirira wa bar chart kapena histogram uyambire pa 0. Aletseninso sikelo ya 3 kapena 7: pa pepala la galafu masentimita awiri amakhala ndi timabokosi 10, ndiye 3 sagawika bwino. Asankhe 1, 2, 5 kapena 10.

Chachiwiri, ngati magulu ndi osiyana kukula, asinthe kaye kukhala maperesenti. Ana 16 mwa 80 akhoza, kwina 12 mwa 40 akhoza. Mzati wa 16 ndi wautali, komatu ndi 20 peresenti, pomwe 12 uja ndi 30 peresenti.

Pofananitsa, frequency polygon (galafu ya timadontho tolumikizidwa ndi mizere) ndi yabwino kuposa histogram, chifukwa mizere iwiri imakwana pa galafu imodzi popanda kuphimbana. Apa pali msampha: pa gulu la 10 mpaka 19, dontho la polygon limakhala pakati, pa 14.5, koma la ogive (galafu ya ma frequency ophatikizidwa kuyambira gulu loyamba) limakhala pa malire a kumtunda, pa 19.5. Mwana akaika dontho la ogive pakati, median ndi ma quartile onse amene awerenge pagalafupo amatsika.

Za mapepala, dulani pepala limodzi pawiri, ana akhale anayianayi, mmodzi ajambule gulu A ndi pensulo, wina gulu B ndi cholembera pa galafu yomweyo.

Mphunzitsi wa Fomu 3:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga poyeza kumwazikana, range yokha ikukwanira, kapena ndilowetse standard deviation?

Mayi wa Masamu:
Range imangoona manambala awiri a kumapeto, ndiye imanamiza. Chotsani mlimi wa matumba 40 uja: range ya B itsika kuchoka pa 38 kufika pa 4, yofanana ndi ya A, ndipo mean itsika kufika pa 4. Achite zimenezi okha, aone kuti median yangosuntha pang'ono, kuchoka pa 4.5 kufika pa 4.

Standard deviation ibwere pambuyo, pa manambala omwewa. Kwa mudzi A, kusiyana kwa nambala iliyonse ndi mean ndi -2, -1, 0, 0, 1, 2. Akaphatikiza apeza 0, ndipo apa m'pamene amamvetsa chifukwa chake timachulukitsa kusiyana kulikonse ndi iko komwe. Akatero n'kuphatikiza apeza 10, kugawa ndi 6, square root yake ndi 1.29. Kwa mudzi B ndi 1090, kugawa ndi 6, square root yake ndi 13.48. Yang'anirani awiri: woiwala square root n'kupereka variance ngati yankho, ndi wolemba -2² pa kakyuleta popanda mabulaketi, amene amapeza -4 m'malo mwa 4.