Ndimakolopa m'wodi, koma ndikufuna kuphunzira Environmental Health: ndiyambire pati?

NaJere_wa_mopu

Moni nonse. Ndilemba motalikirako, mundipirire.

Ndili ndi zaka 28 ndipo ndine hospital attendant pa chipatala china cha boma kuno ku chigawo chapakati. Chaka chino ndi chachisanu. Ntchito yanga ndi kukolopa, kuchapa zofunda, kukankha odwala, ndipo m'mawa uliwonse kutulutsa zinyalala pa wilibala kupita kuseri komwe kuli ng'anjo yowotchera.

Miyezi inayi yapitayo ndinabayidwa ndi singano pantchafu. Sinali m'bokosi la masingano ayi. Inali m'thumba lakuda, lija la mapepala ndi makoko a nthochi, limene timanyamula mosaganiza n'komwe. Wina anaiponyamo usiku chifukwa safety box inali itadzaza mpaka kukamwa ndipo ku stores kunali kotseka. Anandiyambitsa PEP, mankhwala oteteza kuti ndisatenge HIV, tsiku lomwelo. Masiku 28 a nseru ndi chizungulire, kunyumba bambo a ana akungondiyang'ana mwa mtundu wina ngakhale ndinawafotokozera.

Chimene chinandikhudza n'chakuti aliyense ankafunsa za ine: wamwa mankhwala? Wayezetsa? Munthu mmodzi yekha ndi amene anafunsa za thumba. Anali mnyamata wa ku ofesi ya zaumoyo, anabwera ndi kope n'kuyamba: linali la mtundu wanji, linachokera chipinda chiti, mabokosi anabwera liti komaliza. Sabata yotsatira pa shelefu ya ku duty room panali mabokosi awiri osungira. Ndinati, kani ntchito yotere ilipo.

Ndiye ndithandizeni. MSCE ndili nayo, makirediti a English ndi Biology alipo, koma Maths ndinangopasa. Sukulu yake ndi iti? Ndipo munthu akamaliza amagwiradi ntchito m'chipatala, kapena ndi ija yoyendera misika ndi zimbudzi kumudzi? Msuweni wanga akuti ndisataye zaka, ndingochita NEBOSH, kosi ya chitetezo cha pantchito, ya miyezi yochepa basi. Ndalama zanga n'zochepa, sindikufuna kuzitaya m'madzi.

Mdala_wa_HTH

Mwana wanga, pepani ndi zomwe zinakuonekerani. Ine ndinapuma ntchito, koma ndinayamba ngati HSA, mlangizi wa zaumoyo m'midzi, maphunziro a masabata ochepa aja a m'masiku athu, kenaka ndinakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala ndi ofesi yangayanga paboma.

Za sukulu n'zachidule. Dipuloma ya Environmental Health ili ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ukamaliza umalowa ngati Assistant Environmental Health Officer (AEHO). Digiri ili ku MUBAS, imene ife timangoitchulabe kuti Poly. Konseko Maths ndi Physical Science amaziyang'anitsitsa, ndiye lembaninso Maths imeneyo. Musaope, ndinaona amayi a ana atatu akulemba ngati external n'kukhoza. Ndipo masamu ake mudzawagwiritsadi ntchito, si chilango chabe.

Funso lanu lachiwiri ndi limene ndikufuna ndikhalepo. Zoona zake, ofesi ya DEHO, mkulu wa Environmental Health paboma, ili ndi boma lonse pamutu: katemera, alangizi a zaumoyo m'midzi, zitsime, misika, malo odyera, miliri. Chipatala ndi kachigawo chabe, ndipo kawirikawiri amapatsidwa munthu mmodzi kuti ayang'anire zinyalala, madzi, zimbudzi, khitchini ndi tizilombo. Ambiri saifuna. Kumudzi kuli njinga yamoto ndi ma allowance. Kuseri kwa chipatala kuli utsi ndi ntchentche. Ndiye ngati inu mukuifuna, mpikisano wa kona imeneyo si waukulu.

Koma dziwani kuti ndi ntchito yopanda ndalama zake. Mumsonkhano wa management mukanena kuti ng'anjo yang'aluka, wina amati ambulansi ilibe mafuta, wina amati ufa wa odwala watha. Mukuganiza apambana ndani? Ine ndinaphunzira mochedwa kuti usamalowe ndi madandaulo, uzilowa ndi manambala. Ndinagula sikelo yopachika, ija ogula mbewu amagwiritsa ntchito, n'kumayeza matumba a wodi iliyonse kwa mwezi wathunthu. Bungwe la WHO limati pa zinyalala za m'chipatala, pafupifupi 85 pa 100 ndi zinyalala wamba ngati za kunyumba, zoopsa ndi 15 zokha. Kwa ife pafupifupi zonse zinkapita ku moto chifukwa chosakaniza: botolo la Fanta, thewera, thonje la magazi, zonse thumba limodzi. Zikasakanikirana, zonse zasanduka zoopsa. Nditaonetsa akuluakulu kuti ng'anjo ikufa msanga chifukwa tikuwotcheramo nsima yotsala, mabini amitundu anagulidwa mwezi womwewo.

Ng'anjoyo nayonso ndi sukulu payokha. Zambiri za m'zipatala zathu ndi za njerwa, za mtundu wa De Montfort. Imafunika kutenthetsa kaye ndi nkhuni kapena mapepala mpaka moto ukwiye, kupitirira madigiri 800, kenaka n'kumaika zinyalala pang'onopang'ono. Wowotcha akakhala pa changu amangodzaza n'kuyatsa. Mukaona utsi wakuda ukutuluka, dziwani kuti sizikupsa bwino, ndipo mapaipi a dripu ndi mapulasitiki a PVC akutulutsa poizoni wotchedwa dioxin amene amagwera m'minda ya anthu oyandikana nafe. Pitani mukaone phulusa. Ngati muli masingano athunthu ndipo dzenje lake lilibe chivundikiro kapena mpanda, ana akatola. Ndinawapezapo ana akuthirana madzi ndi masirinji.

Masamu aja ndi awa. Nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu opitirira 1,700, anatiitananso ife opuma kuti tikathandize ku misasa. Klorini amasungunulidwa mitundu itatu: 2% ya chimbudzi, masanzi ndi mitembo, 0.2% ya pansi ndi mabedi, 0.05% yosamba m'manja. Ndi HTH, ufa wa klorini, wa 70%, wa 2% uja ndi pafupifupi magalamu 30 pa lita. Ndinapeza msasa wina akusamba m'manja ndi wamphamvu, manja atasupuka, pomwe ndowa za chimbudzi akuthiramo wofooka. Zigubu zinalibe zolemba. Munthu wa ntchito yathu ndi amene amayenera kuona zimenezo.

SisterWaUsiku

Achemwali, ine ndine namwino, ndipo ndiyambe ndi kuvomera: amene anaponya singano ija ndi mmodzi wa ife. Sindikumuikira kumbuyo, koma ndikudziwa mmene zimachitikira. Odwala 60, anamwino awiri, magetsi azima, bokosi ladzaza. Bokosi limayenera kutsekedwa likafika pa magawo atatu mwa anayi, koma ukatseka lomaliza, singano yotsatira uyiika pati?

Pali chinthu chimene simunatchule ndipo chandidetsa nkhawa. Mwanena za PEP, koma za Hepatitis B anakuyezani? Tonse timathamangira HIV, chonsecho mwayi wotenga HIV pa kubayidwa kamodzi ndi pafupifupi 3 pa 1,000. Matenda a chiwindi a mtundu wa B amatha kufika 30 pa 100 ngati magaziwo anali ndi kachilombo kambiri ndipo wobayidwayo sanalandire katemera. Katemera wake ndi wobaya katatu. Zimene ndaona ine n'zakuti akabwera, mndandanda umayamba ndi madokotala ndi anamwino, okolopa ndi owotcha zinyalala amakumbukiridwa atatha. Pitani mukafunse mawa. Funsaninso ngati ngozi yanu inalembedwa m'buku. Pali lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, ndipo kuvulala kumene sikunalembedwe kumavuta kukutsatira patsogolo.

Ndisiyane pang'ono ndi a Mdala. Iwo akukamba ngati zonse zimachokera ku ofesi ya zaumoyo. M'wodi, wa zaumoyo ndi mlendo. Amabwera, kulemba, kupita. Amene amasintha khalidwe la m'wodi ndi sister in-charge ndi komiti ya IPC, yoteteza kufala kwa matenda. Musadikire dipuloma kuti muyambe. Pemphani kulowa m'komiti imeneyo panopa. Kwathu tinalowetsamo bambo wina wa ku laundry, ndipo ndi iye anatiuza kuti m'zofunda zochokera ku theatre mumapezeka malezala a opaleshoni. Tonse ophunzira tinali tisakudziwa.

China, chitetezo cha ogwira ntchito si masingano okha. Misana yathu inatha ndi kunyamula odwala. TB timaitengera m'makonde momwe odwala akutsokomola pamzere mawindo ali chitsekere chifukwa kukuzizira. Kutsegula windo sikufuna bajeti, koma kumafuna munthu wokakamira tsiku ndi tsiku mpaka anthu adane naye.

Achimwene_aku_Joni

Ndiyankhepo pa za msuweni wanu, chifukwa njira imeneyo ndi imene ndinadutsa. Ndili ku Johannesburg, ndine safety officer pa kampani ina yotolera zinyalala za m'zipatala.

NEBOSH ndi satifiketi ya ku Britain, ndipo ndi yabwino. Kuno ambiri amayambira pa SAMTRAC. Zimakuphunzitsa kuunika zoopsa pamalo a ntchito, kufufuza ngozi, kulemba malipoti. Koma amene amazifuna ndi makampani: a zomangamanga, migodi, mafakitale, mapulojekiti a misewu. Boma la Malawi likalengeza ntchito ya AEHO limafuna dipuloma ya Environmental Health, simungalowe ndi NEBOSH yokha. Ndiponso imalipiridwa molingana ndi ndalama zakunja, ndiye ndi mmene kwacha ilili, ganizani kawiri. Ine ndikanati dipuloma kaye, NEBOSH pamwamba pake mukayamba kulandira. Ziwirizo pamodzi zimatsegula zitseko m'zipatala za private, za CHAM ndi m'mabungwe.

Kusiyana kumene ndimaona ndi kwa mano a lamulo. Kuno Occupational Health and Safety Act ya 1993 imaluma. Bokosi lililonse limayezedwa, limasainidwa pochoka pa chipatala, limasainidwanso pofika kowotchera. Likasowa limodzi, wina ayankhapo. Kwathu ku Malawi malamulo aliponso: Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997, komanso Environment Management Act ya 2017 imene inabweretsa MEPA, bungwe loteteza chilengedwe. Awerengeni ngakhale musanalowe sukulu, pa intavyu amathandiza. Kungoti nditabwera pa holide n'kukaona mayi anga atagonekedwa, ndinapeza wowotcha zinyalala atavala masilipasi. Ndinamusiyira jombo zanga.

Chimwemwe_92

Musangomupatsa zokoma zokha. Ine digiri ndili nayo, ndinakhala zaka zitatu ndikugulitsa kaunjika ndisanaitanidwe ku intavyu ya khonsolo. Achemwali, chimene muli nacho inu n'chakuti muli kale pa payroll ya boma. Musasiye ntchito. Pemphani study leave, ngakhale ichedwe.

Mdala_wa_HTH

Sister, ndavomera, mlendo ndi mlendo. Koma n'chifukwa chake mwana uyu angadzachite bwino kuposa ife. Ine ndinatenga zaka kuti okolopa ayambe kundiuza zoona. Ankandiona ngati wapolisi, ndikafika magolovesi amatuluka m'matumba, ndikachoka amabwereramo. Ndinadzadziwa mochedwa kuti ankawasunga chifukwa ankapatsidwa peyala imodzi pa mwezi. Iye zimenezi akuzidziwa kale.

Za study leave a Chimwemwe anena zoona. Kalata yopempha idutse kwa in-charge wanu ndi ku human resource nthawi isanathe, ndipo musunge kope lanu lodindidwa.

NaJere_wa_mopu

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawirikawiri.

A Sister, ndinapita. Hepatitis B sanandiyeze nthawi ija, ndipo katemera sindinalandirepo chiyambire ntchito. Andiyeza Lachiwiri, alibe, ndipo ndabayitsa woyamba. HIV ya miyezi itatu inatulukanso bwino. M'buku la ngozi dzina langa lilimo, analemba ndi mnyamata wa kope uja. Ndinawerenga masamba ake: chaka chatha chonse munalembedwa anthu anayi, onse anamwino. Ine ndekha ndikudziwa anzanga atatu okolopa amene anabayidwa n'kungofinya magazi, kutsuka ndi Jik, n'kupitiriza ntchito. Ankaopa kuti awanena kuti ndi osasamala.

A Mdala, ndinapitanso kuseri kukaona phulusa monga munanenera. Masingano alimo, ena osapindika n'komwe. Bambo amene amawotcha anandiuza kuti nkhuni zotenthetsera sapatsidwa, amatola makatoni a ku pharmacy, ndipo nthawi ya mvula amakhala onyowa. Chitseko chachitsulo cha ng'anjo chinagwa kale, amatseka ndi lata.

Maths ndilembanso, ndapeza mphunzitsi wa sekondale amene amaphunzitsa madzulo. NEBOSH idikire. Za komiti ya IPC ndalankhula ndi in-charge, anaseka kaye kenaka anati ndibwere ku msonkhano wa Lachinayi. Ndiye a Mdala, sikelo yopachika ija munkayeza thumba lililonse palokha kapena wilibala yonse? Mlamu wanga ali nayo ya soya, wati andibwereka mpaka nyengo yokolola.