Za msana uja: mmene zinthu zayendera

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa ngati kutikita thupi kungathetse msana womwe wandizunza chaka chathunthu, poti ndimakhala tsiku lonse pa makina osokera. Ambiri munati ndiyambe ndapimidwa kuchipatala. Ndinapita, sanandipeze ndi chophuka kapena chothyoka, ndipo ananditumiza kwa a mafizo.

Kutikitako kumathandiza, koma mpumulo wake ndi wa masiku awiri basi. Chomwe chasinthadi zinthu ndi kudziwongola m'mawa uliwonse, komanso kudzuka pa makina pakatha ola, ngakhale makasitomala akhale akudikira pakhonde.

Lamba wa m'chiuno uja ndinagula pamsika ndinamuvula. A mafizo anandiuza kuti malangizo a 2023 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO okhudza msana wa mgonagona salimbikitsa malamba, koma masewera olimbitsa thupi, kutikita ndi uphungu wa maganizo.

Uphunguwo ndinkauderera, ndisaname. Koma mlangizi atandifunsa kuti ululu unayamba liti, ndinakumbukira kuti ndi mwezi womwe tinaika mayi, ngongole za maliro zili pakhosi. Ndinalira pomwepo. Tsopano ndikugona bwinoko. Msana ukumapwetekabe ndikasoka mayunifomu ambiri sukulu zikamatsegulira.