Boti lakale la fibreglass: ndilikonze, ndiligulitse kapena ndiliphwasule?

Makaniko wa ku Turffontein:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kuno ku Johannesburg. Kasitomala wina amene ndinamukonzera galimoto walephera kulipira R9,000, ndipo m'malo mwa ndalama wandisiyira boti la fibreglass la mamita 5, injini yake ya Yamaha 85 ya two-stroke ndi thirela. Akuti analiyendetsa komaliza ku Vaal Dam zaka zinayi zapitazo, ndipo chichokereni kumeneko lakhala likugona panja. Injini za galimoto ndimazidziwa, koma za pamadzi ndine mlendo, pamene mwini malo amene ndimachita lendi wandipatsa mwezi umodzi kuti ndilichotse pabwalo.

Wokonza fibreglass ku Germiston:
Achimwene, musanawononge ndalama pa injini, yambani mwaona transom, khoma lakumbuyo lija pomangirira injini. Maboti ambiri akale ali ndi plywood mkati mwa khomalo, ndipo madzi akalowera m'mabowo a mabawuti thabwalo limawola, kunja kukuonekabe kosalala. Tukulani mwendo wa injini, muugwire kumunsi n'kuukankha mwamphamvu. Khoma likamapindika kapena ming'alu ikamayasama, dziwani kuti mkati mwatha. Gogodaninso ndi kahamala, chifukwa polimba pamalira mouma pamene powola pamamveka ngati dzungu. Pomaliza boolani kabowo chakumunsi, kuchokera mkati mwa boti, muone utuchi umene utuluke.

Kusintha transom ndi ntchito imene imandidyetsa, choncho kukanakhala kondikomera kukuuzani kuti mukonze. Koma pa boti logona panja zaka zinayi, transom siwola yokha: matabwa a pansi amakhala atafewa, ndipo foam yothandiza kuti boti lisamire imakhala itamwa madzi osaumanso. Mukatsegula pansipo mudzagula resin (guluu womatira fibreglass), plywood ndi foam yatsopano, n'kuthera masabata mukupala fumbi loyabwa, kenako wogula adzakupatsani mtengo wa boti lakale basi.

Wowotcherera ku Booysens:
Ndikugwirizana nawo akuluwa. Musaiwale kuti muli ndi katundu mutatu, ndipo thirela ndiyo ingagulidwe msanga ngati mapepala ake alipo. Pitani kwa kasitomalayo akulembereni kalata yoti wakupatsani zonsezi m'malo mwa ngongole, asayinenso fomu yosinthira umwini wa thirela, kuopa kuti mawa angadzanene kuti anangosungitsa. Dziwaninso kuti ogula zitsulo zakutha satenga fibreglass. Adzalandira aluminiyamu, zitsulo ndi batire, koma thupi la botilo mudzalidula nokha ndi grinder n'kulipirira galimoto yokataya.

Makaniko wa injini za maboti ku Deneysville, m'mbali mwa Vaal Dam:
Bambo, injiniyo musailize pouma ngakhale kwa mphindi imodzi, chifukwa impeller, kafani ka mu pampu ya madzi oziziritsa injini, ndi ya labala ndipo imapsa nthawi yomweyo. Pimani kompuresheni monga muchitira pa galimoto; masilinda atatuwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Tsitsaninso oyilo wa m'giyabokosi: akatuluka ngati mkaka, madzi akulowera pa ma seal, malabala otchinga madzi aja. Makabureta otsekeka ndi petulo wakale si nkhani kwa inu.

Za kukonza kuti mugulitse lathunthu, kumbukirani malamulo a SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha maboti ndi sitima ku South Africa. Boti la injini yoposa 15 hp limafuna Certificate of Fitness (chikalata choti botilo ndi loyenera kuyenda pamadzi) imene imatha chaka ndi chaka, woliyendetsa akhale ndi chiphaso cha skipper, ndipo oyendera amafunsa chikalata cha buoyancy, chosonyeza kuti boti liyandamabe madzi akalowa. Ogula a ku madamu a Vaal ndi Hartbeespoort amayamba afunsa zimenezi asanafunse mtengo.

Dalaivala wonyamula katundu wa kumudzi:
Mwina mungaganize zotumiza injiniyo ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Asodzi akwathu amakonda injini zing'onozing'ono monga Yamaha Enduro 15, zogwira ndi dzanja komanso zosamwa mafuta kwambiri. Ya 85 imafuna chiwongolero ndi zingwe zake, ndipo mukawonjezera mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA pachipata cha Mwanza kapena Dedza, phindu lathera panjira. Igulitseni konkuno ku Johannesburg.

Makaniko wa ku Turffontein:
Zikomo nonse. Ndaboola transom dzulo madzulo, ndipo mwatuluka utuchi wakuda ndi madzi onunkha. Pansi napo pakubonyoka ndikaponda pafupi ndi mpando wakumbuyo. Injini yokha yandisangalatsa, chifukwa masilinda onse ali pafupifupi 120 psi ndipo oyilo wa m'giyabokosi ali bwinobwino, sakuoneka ngati mkaka. Kasitomala uja wavomera kusayina mapepala Loweruka. Ndatsimikiza zotsuka makabureta, kusintha impeller ndi kugulitsa injini payokha, thirela payokha. Thupi la botilo ndililengeza mwaulere kwa sabata ziwiri, ndikunena poyera kuti transom ndi yowola, ndipo likapanda kupeza wolitenga, akulu a ku Booysens mundibwereke grinder yaikulu ija.