Nyumba yakale ija ya ku Kalimbuka, ku Zomba, akuti aigumula

Mlembi: Abale, mwamva? Nyumba yanjerwa zofiira ija yakhonde lozungulira yagulidwa. Akuti amangapo hositelo yosanja ya ana a ku yunivesite ya Chanco. Mibawa iwiri ya pageti aipaka kale penti yofiira.

Malume a ku Kalimbuka: Zimenezo ayi! Puloti ija ndi ya nyumba yokhalamo banja limodzi. Lamulo la mapulani la 2016 likunena kuti kusintha ntchito ya malo kumafuna chilolezo cha khonsolo. Anatifunsa ndani ife oyandikana nawo?

Malume a ku Kalimbuka: Likulu linapita ku Lilongwe mu 1975, aphungu nawo anatsatira mu 1994. Chotsala ku Zomba n'chiyani? Phiri, mitengo ndi nyumba zimenezi basi. Mukalola imodzi, mawa msewu wonse ndi mipanda ya malata, mabawa ndi majenereta usiku wonse.

Achemwali a ku Chikanda: Malume, pepani, koma bwerani kuno mudzaone. Ana akugona anayi m'kachipinda kamodzi, mabuku ali pamwamba pa ndowa. Mvula ikagwa zimbudzi zimasefukira, zonse n'kutsikira mu Likangala. Agone kuti anawa?

Malume a ku Kalimbuka: Mwanangu, sindikudana ndi ana asukulu. Hositelo ikhale ndi malo ake, okhala ndi madzi ndi zimbudzi zokwanira. Paipi ya mumsewu uno ndi yopyapyala, m'mawa mpopi umachita kudontha. Tisonkhe ndalama, tilembe kalata yokana, tipeze ndi loya.

Achimwene a ku Joni: Tisonkhenso? Ndalama za ngalande zomwe tinatumiza namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023 zili kuti? Ine ndinabwera pa Khirisimasi, ndinangopeza mulu wa mchenga utamera udzu.

Msungichuma: Achimwene, musandiyipitsire mbiri pagulu. Malisiti a simenti ndili nawo. Mmisiri anathawa, ndipo amene anamubweretsa ndi mlamu wanu.

Achimwene a ku Joni: Mlamu wanga walowa bwanji apa? Jambulani malisitiwo tiwaone tonse.

Mayi a ku Matawale: Ine sindiperekanso kalikonse mpaka ngalande ithe.

Malume a ku Kalimbuka: Mukamakangana za mchenga, anzanu akunola nkhwangwa! Kalatayo ndilemba ndekha usiku uno. Ofuna kusayina andipeze Loweruka.

Achemwali a ku Chikanda: Mulembemonso za ana a kuno, apo ayi dzina langa lisakhalemo.

Mlembi: Wapampando, mukuwerenga koma simukuyankha. Tikumana kapena ayi?