Mafani a m'kabati ya inveta akungoyaka n'kuzima

Mmisiri wa ku Salima:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto limene landidyera masiku awiri. Kuno kwafika alendo ochokera ku South Africa ndi galimoto yogonamo, zija amati motorhome, ndipo akudandaula kuti inveta yawo, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, ikumazima yokha dzuwa likafika paliwombo. Invetayo ili m'kabati yapansi yotsegulira kunja, pamodzi ndi mabatire awiri a lithium ndi chaja ya sola. Mwiniwake anaikamo mafani awiri a 12V, a mamilimita 120, oyatsidwa ndi kabodi ka W1209, kamene kamayatsa ndi kuzimitsa mafani potengera kutentha kumene sensa yake yamva. Mafaniwo sanafe ayi, koma akumazungulira kwa masekondi ochepa n'kuima, pakapita kanthawi n'kuyambanso, moti relay, imene ndi swichi ya pakabodiko, ikungolira usana wonse. Kabodiko kakuonetsa madigiri 35 pamene chitsulo cha inveta sungachigwire ndi dzanja. Fyuzi ili bwino ndipo pabodi pakufika 13.4V. Kodi ndingosintha kabodiko?

Mmisiri wa ku Blantyre:
Achimwene, musathamangire kugula china. Yambani mwadina batani la SET kwa masekondi angapo mpaka paoneke P0, ndipo mutsimikize kuti ili pa C, osati pa H, chifukwa ikakhala pa H kabodiko kamayatsa kukazizira n'kuzimitsa kukatentha. Mukatero muonenso P1, imene ndi mpata wa madigiri pakati pa poyatsira ndi pozimitsira. Kuchokera kufakitale imabwera ili pa 2.

Mmisiri wa ku Salima:
Zikomo achimwene. P0 ili pa C, koma P1 ndaipeza pa 0.3. Ndaikweza kufika pa 2 ndipo kulira kwa relay kwachepa, komabe inveta yazimanso cha m'ma 1 koloko masana.

Mmisiri wa ku Blantyre:
Ndiye zulani sensa muiyeze ndi mita. Sensa ya kabodi kameneka ndi NTC ya 10k, kutanthauza kuti pa madigiri 25 iyenera kuwerenga ma ohm pafupifupi 10,000 (10k), ndipo nambalayo imatsika ikamatenthedwa. Ndi kutentha kwa kunyanjako muyembekezere cha m'ma 7k. Waya wake akanakhala woduka, mukanaona LLL m'malo mwa madigiri.

Mmisiri wopuma pantchito, ku Mzuzu:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndikuganiza kuti sensayo ikunena zoona, kungoti ikunena za malo olakwika. Inu a ku Salima, musanatiuze za mita, tatiuzani kumene sensayo yamangiriridwa, ndiponso kumene fani iliyonse ikuponyera mphepo. Ng'ambani kapepala kopepuka mukaike pakamwa pa fani iliyonse kunjako, muone ngati kakukokedwa kapena kakukankhidwa. Mafani ambiri a mtundu umenewu amatulutsira mphepo mbali imene kuli timipiringidzo togwira mota ndi sitika, koma anthu ambiri pomanga sayang'ana zimenezi.

Mmisiri wa ku Salima:
Madala, mwalasa. Sensa yawerenga 7.2k, choncho ilibe mlandu, koma ndaipeza yamangidwa ndi kebulo tayi pa waya wa fani yapansi, kutsogolo kwenikweni kwa mphepo. Fani ikangoyaka, mphepo yakunja imaiomba, madigiri n'kutsika, kabodi n'kuzimitsa, pamene inveta ili kuseri ikupsa. Kapepala kaja kakokedwa pa mafani onse awiri, kusonyeza kuti onse akulowetsa mphepo, ndipo kabatiyi ilibe potulukira chifukwa chitseko chake chili ndi labala wotchinga fumbi.

Mmisiri wopuma pantchito, ku Mzuzu:
Pamenepo mphepo ikungopanikizana m'kati ngati m'chikho chovundikira. Tembenuzani fani yapamwamba kuti izitulutsa, popeza mpweya wotentha umakwera, ndipo yapansi muisiye izilowetsa. Sensa muiike pamwamba pa inveta, pafupi ndi pamene inveta imatulutsira mpweya wake wotentha, kutali ndi njira ya fani yolowetsa. Pakabodi muike madigiri 35 ndi P1 ya 5, kuti mafani aziyaka pa 40 n'kuzima pa 35. Muwauziretu alendowo kuti fani siziziritsa kuposa mpweya umene ikukoka, choncho m'mwezi wa Okutobala kunyanjako mafaniwo akhoza kuzungulira masana onse osaima, ndipo limenelo si vuto, pakuti magetsi amene amadya ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi firiji. Chimene ndikuopa ine ndi mabatirewo, chifukwa ambiri a lithium a mtundu wa LiFePO4 salola kuchajidwa kutentha kukapitirira madigiri 45.

Chinanso, suzumirani pansi pa galimoto muone ngati polowera mphepopo sipanayandikane ndi ekizozi, kuopa kukokera utsi m'kati momwe anthu amagona. Ndipo mwiniwakeyo akakupemphani kuti muike fani ina m'kabati ya silinda ya gasi, mukane ndithu, chifukwa relay imathetheka, ndipo gasi wothawa amalemera kuposa mpweya, amayenera kutuluka yekha pa bowo lapansi.

Mmisiri wa ku Salima:
Ndachita monga mwanenera, madala. Ekizozi ili mbali inayo, ndipo kabati ya gasi sindinaikhudze. Ndatsekanso mpata umene unali m'mbali mwa fani yapamwamba, chifukwa mphepo ina inkabwerera momwemo. Dzulo mafani anayaka cha m'ma 10 koloko m'mawa, madigiri anakwera mpaka 43 n'kuima pomwepo, ndipo inveta yagwira ntchito tsiku lonse osazima. Mafaniwo anadzazima okha dzuwa litalowa. Kwatsala kuika kasefa ka fumbi pa fani yolowetsa, popeza alendowa akuti akufuna kukwera ku Nyika ndipo msewu wa kumeneko ndi wadothi. Achimwene a ku Blantyre, kodi ka siponji kopyapyala kaja kamachepetsa mphepo kwambiri, kapena ndiike ka neti?