Za befu lija: zomwe zandithandiza

Abale, miyezi iwiri yapitayo ndinafunsa chifukwa chake ndimachita befu ndikangothamanga mphindi 5, akatumba n'kumapweteka mpaka mawa lake. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ndinatsatira malangizo a achimwene aja amene anati ndisiye kuthamanga ngati ndikuthamangitsidwa ndi galu. Anati ndizithamanga mphindi 2, kuyenda mphindi imodzi, kubwerezabwereza, katatu pa sabata basi, pa liwiro loti ndikhoza kucheza ndi munthu. Poyamba ndinkachita manyazi, kunena zoona, akabaza akundidutsa uku ndikungoyenda. Koma pano ndimachoka ku Katoto kukafika ku Luwinga osaima, mphindi 30 zathunthu.

Za liwiro ndinadikira mpaka sabata yachisanu ndi chimodzi. Lachitatu lililonse ndimakwera kachitunda mwamphamvu masekondi 20, n'kutsika pang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi. Zitunda kuno ku Mzuzu sizisowa.

Pamene ndinalakwitsa ndi pa nsapato. Ndinagula ya pakaunjika yongokwana ndendende, chikhadabo cha chala chachikulu chinada bii. Phazi limafufuma ukamathamanga, ndiye siyani mpata wa chala chimodzi kutsogolo, ndipo muziyesa madzulo mutavala sokosi.

Kwa othamanga m'mamawa mu Juni ndi Julayi: kuzizira kwa kuno mukukudziwa, yambani mwayenda kaye mphindi 10 thupi litenthe. Pa M1 chifunga chikagwa valani chowala, ndipo muziyang'anizana ndi magalimoto. Mphepo ya lole inatsala pang'ono kundigwetsera m'ngalande.